Bere la Madzi: Mbuzi Ikanamiza Mwini Wake

Pali mbuzi zina zimene zimatha miyezi isanu zikuoneka kuti zili ndi bere, kenako n'kuswa madzi okhaokha. Mwini wake amadzuka m'mawa n'kupeza kunsi kwa khola kwanyowa ngati wina watayirapo ndowa. Mchira wa mkota uja wamatirira zinyalala, ndipo mimba imene dzulo inali ndendende yaphwa. Amayang'ana m'khola, kamwana mulibe. Amazungulira kuseri poganiza kuti mwina kagwera pansi, kulibenso. Mbuziyo nayo ikulira, ikununkhiza uku ndi uku monga imachitira mbuzi yosowa mwana wake, mwinanso mawere ake ali ndi mkaka. Mlandu umagwera galu wa pakhomo loyandikana, kapena fisi, kapena munthu amene munakangana naye za malire a munda chaka chatha. Chonsecho kamwanako kunalibe chiyambire.

Madokotala a ziweto amalitcha vutoli pseudopregnancy, ndipo akafuna kutchula madzi odzadza m'chiberekerowo amati hydrometra. Alimi a mbuzi ku Britain ali ndi dzina lawolawo la tsiku limene madziwo amakhuthuka, amati cloudburst, kufanizira ndi mvula yogwa mwadzidzidzi ngati mtambo wang'ambika. Ine ndizingoti bere la madzi. M'Chichewa mawu akuti bere amatanthauza zinthu ziwiri, pakati pa chiweto komanso chiwalo choyamwitsira, ndipo pa matendawa zonse ziwiri zimatha kunama nthawi imodzi: mimba imakula, mawere nawo amatha kudzadza.

Kuti timvetse mmene thupi la mbuzi limadzinamizira chonchi, tiyambire pa zimene zimachitika zinthu zikamayenda bwino. Mbuzi yaikazi imafuna tonde pafupifupi masiku 21 alionse, ndipo nyengoyo imatha tsiku limodzi kapena awiri. Imalira kwambiri, imagwedeza mchira osalekeza, kumbuyo kumatupa pang'ono ndi kutuluka chikazi. Chakumapeto kwa nyengoyi dzira limatuluka m'thumba la mazira, ndipo pamalo pamene latulukirapo pamamera kanthu kena kachikasu. Dzina lake ndi corpus luteum, mawu achilatini otanthauza chimodzimodzi, kanthu kachikasu. Ntchito yake ndi kutulutsa homoni yotchedwa progesterone. Homoniyi ndiyo imauza thupi lonse kuti lidekhe: khomo la chiberekero litsekeke, chiberekero chisafinyike, mbuzi isafunenso tonde.

Ngati mbuzi sinatenge bere, chiberekero chimadikira masiku ngati 16 kapena 17, kenako chimatulutsa homoni ina yotchedwa prostaglandin, imene imakafafaniza kanthu kachikasu kaja. Progesterone imatsika, mbuzi imayambanso kufuna tonde, ndipo zonse zimayambira pachiyambi. Ngati yatenga bere, mluza umatumiza chizindikiro choletsa chiberekero kutulutsa prostaglandin, kanthu kachikasu kaja kamakhalabe, ndipo bere limapitirira mpaka masiku ngati 150.

Bere la madzi limabwera pamene kanthu kachikasu kakana kufa chonsecho m'chiberekero mulibe mwana. Progesterone imakhalabe yokwera. Khomo limakhalabe lotseka. Timadzi timene chiberekero chimatulutsa masiku onse timasowa kolowera, ndiye timadzadzana pang'onopang'ono kwa milungu ndi miyezi mpaka kufika malita angapo. Madziwo amakhala oyera, opanda fungo, opanda tizilombo. Mbuziyo simva malungo ndipo sisiya kudya. Kawirikawiri imaoneka bwino kuposa zinzake, chifukwa mulibe mwana woilanda chakudya.

Funso limene linavutitsa akatswiri kwa nthawi ndithu linali lakuti chimayamba n'chiyani, madzi kapena kanthu kachikasu. Kodi madzi ndi amene amalepheretsa chiberekero kugwira ntchito yake, kapena amabwera chifukwa kanthu kaja kakana kufa? Ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, kumene kunachitika kafukufuku wambiri wa vutoli, anayesa njira yochenjera. Anabaya mbuzi zabwinobwino katemera wochititsa kuti matupi awo azilimbana ndi prostaglandin yawoyawo. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1997, zinaonetsa kuti mbuzi zimene kanthu kachikasu kanakhalitsa zinayamba kudzadza madzi m'chiberekero. Choncho madzi ndi chotsatira chabe. Ichi n'chifukwa chake mankhwala othandiza amalimbana makamaka ndi kanthu kachikasu, osati madziwo.

Njira zolowera m'vutoli ndi ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mbuzi inakweredwadi ndipo inatenga bere, koma mluza unafa udakali waung'ono kwambiri n'kusungunuka, utatumiza kale chizindikiro chake chija. Thupi limapitiriza kusunga bere limene kulibe. Mbuzi yotereyi ndiyo imanamiza kwambiri, chifukwa mwini wake anaona ndi maso ake tonde akukwera, anadikira masiku 21 osaona mbuzi ikufunanso tonde, ndipo anawerengera miyezi yake molondola. Palibe pamene analakwitsa. Njira yachiwiri ndi yodabwitsa kwambiri: mbuzi inafuna tonde, sinakweredwe n'komwe, komabe kanthu kachikasu sikanafe. Mlimi amene alibe tonde pakhomo amaona mimba ikukula n'kumadzifunsa kuti tonde wa yani analumpha mpanda usiku.

Vutoli limadziwika kwambiri pa mbuzi za mkaka, monga za mtundu wa Saanen, m'mayiko ngati Netherlands, France, Britain ndi Brazil. Wofufuza wina wa ku Utrecht, J. W. Hesselink, anasindikiza mu 1993 zimene anapeza ataunika makola a mbuzi za mkaka kwa zaka zingapo: mwa mbuzi 100 zilizonse, pafupifupi 9 zinali ndi bere la madzi, ndipo panali nthawi zina pamene chiwerengerocho chinatsika kufika pa 3, nthawi zina n'kukwera mpaka kupitirira 20. Mikota yokalamba inkagwidwa kwambiri kuposa misoti. Mu 1996 iye ndi mnzake L. Elving atatsata mibadwo ya mbuzi za m'khola lina, anapeza kuti ana aakazi a mikota imene inadwalapo ankagwidwanso kawirikawiri kuposa anzawo. Ndiye kuti magazi nawo ali ndi gawo lake.

Kasamalidwe kalinso ndi gawo. Ku Ulaya mbuzi zimafuna tonde masiku akayamba kufupika, chakumapeto kwa chaka, ndipo miyezi ina zimangokhala. Alimi ofuna mkaka chaka chonse amazikakamiza ndi mahomoni kuti zikweredwe nthawi imene si yake, kapena amazikama kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo osazipatsa tonde. Zonsezi zimachulukitsa bere la madzi. Kwathu kuno usana sutalika kapena kufupika kwambiri, choncho mbuzi zathu zamakolo zimafuna tonde chaka chonse, ndipo m'chilimwe zikamayenda momasuka sizisowa wozikwera. Koma nkhaniyi ikutikhudza ndithu. Mbuzi za mkaka ndi zina za mtundu wakunja zafika m'makola ambiri kudzera m'ndondomeko zopatsirana ziweto. M'dzinja timamangirira mbuzi pachingwe kuteteza mbewu, ndipo mkota ukhoza kudutsa nyengo zingapo uli pamtengo wake, tonde ali pamtengo wina kutsidya kwa mudzi. Atonde ndiwonso amayamba kugulitsidwa pakafunika fizi kapena nyama ya Khirisimasi. Mkota wodutsa nyengo zake osakweredwa ndi umodzi mwa imene ingagwe m'vutoli.

Wina anganene kuti ngati mbuzi sikudwala, sikuonda, ndipo madziwo adzatuluka okha, nanga vuto lili pati? Vuto ndi nthawi. Mkota wosamalidwa bwino ukhoza kuswa katatu pa zaka ziwiri. Bere la madzi limadya miyezi inayi kapena isanu, nthawi zina kuposa apo, ndipo likatha muyenera kuwonjezapo miyezi ina isanu ya bere lenileni. Ngati mbuziyo munalandira kuti mudzapatsire mnzanu ana ake oyamba, ndiye kuti banja lina likudikira pachabe. Mapeto ake mkota wonenepa wosaswa umatchedwa wosabereka, ndipo akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mikota yambiri imene ikanachira ndi majakisoni awiri imathera pa kanyenya.

Tsopano tifike pa kuzindikira, pamene pagona nkhani yonse.

Maso okha sangakuuzeni. Mbuzi ya bere lenileni ndi ya bere la madzi zonse zimasiya kufuna tonde, zonse zimakula mimba, zonse zikhoza kudzadza mawere. Pali zizindikiro zokayikitsa, inde. Bere lenileni likapitirira masiku 100, munthu wozolowera akakankha pang'onopang'ono mbali ya kumanja kwa mimba, kutsogolo kwa mawere, amatha kumva kanthu kolimba kakugunda dzanja, kapena kuona kamwana kakutakataka mbuzi itagona. Kumanja, chifukwa kumanzere kumadzadza chifu. Pa bere la madzi dzanja limangomva kufewa ndi kuyendayenda kwa madzi. Koma kusamva kanthu si umboni wakuti mulibe kanthu. Kamwana kamodzi m'mimba mwa mkota wonenepa kamabisala mosavuta.

Palinso zinthu zina zokulitsa mimba zimene ziyenera kuchotsedwa m'maganizo kaye. Mbuzi zoyendayenda m'misika ndi m'madzala zimameza majumbo, ndipo mapulasitikiwo amaunjikana m'chifu mpaka kupanga chibuluma. Mbuzi yotereyi imakula mimba koma msana ukuonda, ndipo sidya bwino. Njoka za m'mimba zoyamwa magazi zikachuluka, mkati mwa zikope mumayera, pansi pa chibwano pamatupa, ndipo madzi akhoza kudzadza m'mimba kunja kwa chiberekero. Pali mafinya odzadza m'chiberekero chenichenicho, amene amafanana kwambiri ndi bere la madzi koma amabwera ndi tizilombo. Palinso kamwana kofera m'mimba n'kuuma osatuluka. Mbuzi ya bere la madzi imasiyana ndi zambiri mwa izi pa chinthu chimodzi, chakuti ndi yathanzi.

Anthu ena amayesa kugwiritsa ntchito kachipangizo koyezera mkodzo wa amayi kamene amagulitsa m'mafamase. Musataye ndalama. Kachipangizoko kamafufuza homoni imene imapezeka mwa anthu, ndipo mbuzi ilibe homoni imeneyo, kaya ili ndi bere kaya ilibe.

Kuyeza magazi kumathandiza, koma zimatengera chimene mukuyeza. Kuyeza progesterone kumanamiza pa vutoli, chifukwa homoniyi imakhala yokwera pa mabere onse awiri. Ikapezeka yotsika patatha masiku ngati 21 mpaka 24 chikweredwere, mungatsimikize kuti mbuzi ilibe bere. Ikapezeka yokwera, mwangodziwa kuti kanthu kachikasu kalipo, basi. Zoyeza zothandiza ndi zimene zimafufuza zinthu zochokera ku nsengwa, chifukwa popanda mwana palibe nsengwa. Pali mapuloteni ena otchedwa PAG amene amapezeka m'magazi kuyambira masiku ngati 30 a bere. Palinso homoni yotchedwa oestrone sulphate imene imapezeka m'magazi kapena mumkaka bere likapitirira masiku 50. Mbuzi ya mimba yaikulu, yosafuna tonde, koma yopanda zinthu zimenezi, ndiyokayikitsa kwambiri. Chenjezo n'lakuti ngati mluza wangofa kumene, mapuloteni aja amatsalira m'magazi kwa kanthawi ndipo angaonetse ngati bere lilipo.

Njira yodalirika koposa ndi sikani, yofanana ndi imene amaunikira amayi oyembekezera kuchipatala. M. C. Pieterse ndi M. A. M. Taverne a ku Utrecht komweko anafotokoza mu 1986 mmene bere la madzi limaonekera pa makinawa, ndipo zimene analemba zikugwirabe ntchito. Dokotala amaika kachipangizo pakhungu lopanda ubweya pafupi ndi mawere, mbuzi itaimirira. Madzi amaoneka akuda pa sikirini. Pa bere la madzi pamaoneka zipinda zakuda zikuluzikulu zogawidwa ndi timakoma topyapyala, ndipo mukagwedeza mimba pang'ono timakomato timaweyuka ngati nsalu yoyanikidwa pachingwe. Zinthu ziwiri zimasowa: kamwana, ndi timabatani ta nsengwa. Aliyense amene anaonapo mbuzi ya bere itaphedwa akudziwa timabatani timeneti, tinthu tozungulira tambirimbiri tomata mkati mwa chiberekero, pamene mwana amalumikizana ndi mayi wake. Pa bere lenileni timaoneka bwino pa sikani kuyambira masiku ngati 40.

Nambala ya 40 imeneyi ndi yofunika. Bere lenileni likadali laling'ono, la masiku 25 kapena 30, m'chiberekero mumaoneka madzi, kamwana n'kochepa kwambiri, timabatani sitinakule. Munthu wopupuluma akhoza kuona madzi okha n'kugamula kuti ndi bere la madzi. Ndiye ngati tsiku limene mbuzi inakweredwa silikudziwika, kapena chithunzi sichikumveka bwino, njira yabwino ndi kudikira milungu iwiri n'kuunikanso. Bere la madzi silithawa ndipo silipha. Palinso timakina tina totchipa tosaonetsa chithunzi, timene timangolira kapena kuyatsa getsi tikapeza madzi m'mimba. Pa nkhaniyi ndi topanda ntchito, chifukwa madzi ndi amene alipodi. Timalira ngakhale pa chikhodzodzo chodzadza mkodzo.

N'chifukwa chiyani ndikukakamira chonchi pa kutsimikiza? Chifukwa mankhwala a bere la madzi ndi omwewonso amene amachotsa bere lenileni.

Mankhwalawo ndi prostaglandin wopangidwa kufakitale, amene amachita ntchito imene chiberekero chinalephera. Alipo a mitundu iwiri yodziwika: dinoprost, wogulitsidwa ndi dzina lakuti Lutalyse, ndi cloprostenol, wogulitsidwa ndi dzina lakuti Estrumate ndi mayina ena. Amabayidwa mumnofu. Mulingo wake ndi wochepa zedi. M'kafukufuku wa ku Utrecht ankabaya mamiligalamu 5 a dinoprost pa mbuzi imodzi. Kanthu kachikasu kamafa, progesterone imatsika, khomo limatseguka, chiberekero chimafinyika, ndipo kawirikawiri pakatha tsiku limodzi mpaka masiku anayi madzi amakhuthuka. Mbuzi imafuna tonde nthawi yomweyo kapena patangopita masiku ochepa.

Apa mbuzi imasiyana ndi nkhosa. Mwa nkhosa, bere likapitirira masiku ngati 50, nsengwa imayamba kutulutsa progesterone yokwanira yokha, moti kanthu kachikasu katafa bere likhoza kupitirira. Mwa mbuzi sizitero. Bere la mbuzi limadalira kanthu kachikasu kuyambira pachiyambi mpaka tsiku loswa. Mukabaya prostaglandin mbuzi ya bere lenileni, kaya la mwezi umodzi kaya la miyezi inayi, ipoloza basi. Mlimi amene watopa kudikira n'kugula jakisoni wongoganizira akhoza kudzapeza mapasa ali pansi, aubweya kale koma osakhwima moti n'kukhala ndi moyo. Pa zolakwa ziwiri zimene zingachitike, kudikira pachabe kumakutayitsani miyezi, pamene kubaya molakwika kumakutayitsani ana, ndipo mwina nsengwa n'kutsaliranso m'mimba n'kudwalitsa mayi.

Mankhwalawa ndi oopsanso kwa anthu. Amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Mayi woyembekezera asawagwire n'komwe, chifukwa akhoza kupita padera. Munthu wa mphumu nayenso atalikire, chifukwa amatha kumubanikitsa. Akadonthera padzanja, sambani ndi sopo nthawi yomweyo. Si mankhwala osunga pawindo pafupi ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Woyenera kuwagwira ndi dokotala kapena mlangizi wa ziweto, amenenso angakuuzeni masiku oyenera kudikira musanamwe mkaka kapena kudya nyama ya mbuziyo.

Cholakwika chofala kwambiri pa chithandizo ndi kusiyira pa jakisoni mmodzi. Madzi atuluka, mimba yaphwa, mbuzi ikufuna tonde, ndiye mwini wake amathamangira kukabwereka tonde. Hesselink anayesa zimenezi mu 1993. Mwa mbuzi zimene zinabayidwa kamodzi n'kukweredwa pa nyengo yoyambayo, pafupifupi theka zinabwereranso m'bere la madzi, ndipo zochepa zokha ndi zimene zinatenga bere. Gulu lina linabayidwa kachiwiri patatha masiku 12 madzi atatuluka, kenako n'kukweredwa. Mwa izi pafupifupi theka zinatenga bere pa kukweredwa koyambako, ndipo vutoli linangobwerera pa imodzi. Kusiyana kwake n'kwakukulu kwambiri moti sindikuona chifukwa choumirira jakisoni wachiwiriyo.

Chifukwa chake n'chomveka. Chiberekero chimene chakhala chotambasuka kwa miyezi sichibwerera mwakale tsiku limodzi, ndipo madzi ena amatsalira m'mapindikidwe ake. Mluza sungakhazikike bwino m'malo otero. Jakisoni wachiwiri amatsegulanso khomo ndi kutulutsa zotsalira. Nanga bwanji osabaya mawa lake? Chifukwa kanthu kachikasu katsopano, kamene kamamera mbuzi ikangomaliza nyengo yake, sikamva prostaglandin masiku oyambirira. Kamayenera kukhwima kaye, n'chifukwa chake madokotala amadikira masiku 10 mpaka 14. Ena amawonjeza jakisoni wa oxytocin wothandiza chiberekero kufinyika. Mankhwala opha tizilombo safunika ngati madziwo ali oyera ndi osanunkha, ndipo kubaya oxytetracycline mbuzi iliyonse yooneka zachilendo, monga tazolowera ambiri a ife, sikuchita kanthu pa kanthu kachikasu.

Mbuzi ikakweredwa pambuyo pa chithandizo, iunikidwenso pakatha masiku 40 kapena kuposerapo, chifukwa imene inagwidwapo ikhoza kugwidwanso. Zambiri zimachira n'kumaswa bwinobwino. Imene yabwereza kawiri kapena katatu, makamaka ngati yakalamba, ndi yoyenera kuichotsa m'khola, ndipo poganizira za magazi zija, si nzeru kusunga ana ake aakazi kuti adzakhale mikota ya m'tsogolo.

Nanga madzi akatuluka okha, osabaya kanthu? Zimachitika kawirikawiri, nthawi zambiri chakufupi ndi tsiku limene mbuzi ikanaswa. Mbuziyo ikhoza kuchita ngati yaswadi, kulira, kufunafuna mwana, ngakhale kulanda ana a zinzake. Ina imayamba kutulutsa mkaka, ngakhale kuti nthawi zambiri sufika pa mulingo wa mbuzi yoswa, ndipo mlimi wa mbuzi za mkaka akhoza kuikama. Chofunika apa ndi kusiyanitsa ndi kupoloza. Madzi a bere la madzi amakhala oyera kapena otuwa pang'ono, osanunkha, opanda magazi ambiri, opanda nsengwa. Mukaona magazi, zidutswa za nyama, fungo loipa, kapena mbuzi yofooka ndi yotentha thupi, ganizirani kuti yapoloza ndipo galu wadya kale zotulukazo. Pamenepo samalani, chifukwa matenda ena opolozetsa mbuzi, monga brucellosis ndi Q fever, amagwiranso anthu. Musagwire zotulukazo ndi manja opanda kanthu, zikwirireni mozama kapena kuziwotcha, patulani mbuziyo, ndipo mkaka uziwiritsidwa. Mbuzi zingapo zikataya mabere motsatizana, dziwitsani ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu.

Ndikudziwa kuti wowerenga wa kumudzi wafika pano akupukusa mutu. Sikani ya mbuzi aipeza kuti, pamene ya anthu yomwe ndi ya kuchipatala chachikulu? Funsolo ndi loona. Komabe pali zimene angachite, ndipo choyamba sichifuna ndalama. Lembani tsiku limene mbuzi yakweredwa, m'kope la mwana wasukulu kapena ndi khala pachipupa cha khola. Popanda tsiku limenelo ngakhale dokotala wokhala ndi makina amayamba ndi kungoganizira. Mukakhala nalo, muli ndi njira yotsimikizira imene ili yochedwa koma yosanama. Werengani masiku 150, wonjezanipo milungu iwiri kapena itatu. Ngati mkota unali wotalikirana ndi tonde nthawi yonseyo chikweredwere, tsiku lapitirira chotero, palibe kamwana kogunda dzanja, ndipo mbuzi ili bwinobwino, mwayi wakuti muli mwana wamoyo ndi wochepa kwambiri, ndipo mlangizi akhoza kubaya mtima uli m'malo. Mfundo ya kutalikirana ndi tonde ndiyo yovuta pa mbuzi zoyenda momasuka. Mkota umene munauona ukukweredwa mu Meyi mwina sunatenge, n'kudzatenga mu Julayi muli kumunda. Pa mbuzi zotere kalendala yokha si yokwanira.

Kwa alimi a m'magulu, makamaka a mbuzi za mkaka, njira ina ndi kusonkhanitsa mikota yonse tsiku limodzi n'kuitana dokotala wokhala ndi sikani ya m'manja. Kuunika mbuzi imodzi kumatenga mphindi zochepa, ndipo mtengo wa ulendo wake ukagawidwa pa makola khumi umapepuka. Tsiku lomwelo mumadziwa imene ili ndi bere, imene ilibe, imene ili ndi mapasa yofunika chakudya chowonjezera, ndi imene yanyamula madzi.

Ngati muli ndi mkota wathanzi umene wasiya kufuna tonde ndipo miyezi ikungopita osaswa, musauitanire wabutchala, komanso musaugulire jakisoni wa pamsika. Pitani kwa alangizi a ziweto mutanyamula tsiku limene unakweredwa, ndipo akabaya jakisoni woyamba, panganani nawo tsiku lobwera kudzabaya wachiwiri.